Phunziro: Ndalama za Kafukufuku wa Zamoyo, Kumene Zimachokera ndi Mmene Mungazipemphere

Phunziro ili ndi lanu inu amene mumakonda sayansi ya zamoyo ndipo mukufuna kudziwa ngati mwana wa ku Chongwe angathe kukhala wofufuza. Angathe ndithu, malinga adziwe njira yake. Achinyamata ambiri amagwa mphwayi poganiza kuti ndalama za kafukufuku zimagwera okhawo odziwana ndi akuluakulu. Komatu ndalamazi zili ndi malamulo ake, nyengo yake ndi makomo ake, ndipo zonsezi munthu akhoza kuziphunzira. Tiyamba ndi matanthauzo a mawu, kenaka tiona zimene zili m'boma lathu lomwe lino, ndipo tikatero tiyang'ana ku Ulaya. Potsiriza tiona zoyenera kuchita, chimodzi pambuyo pa chinzake.

Gawo 1: Mawu ofunika kuwadziwa

1. Sayansi ya zamoyo ndi maphunziro okhudza chilichonse chokhala ndi moyo. M'gululi muli anthu, ziweto, nyama zakuthengo, nsomba, mitengo ndi mbewu. Mulinso tizilombo tosaoneka ndi maso, monga mabakiteriya ndi mavairasi. Dokotala wa ziweto, katswiri wopanga mbewu zatsopano ndi munthu woyeza magazi mu labotale, onsewa ntchito yawo imachokera m'sayansi imeneyi.

2. Kafukufuku ndi kufunafuna yankho la funso mwadongosolo. Wofufuza amalemba zonse zimene wachita, kuti munthu wina akatsata njira yomweyo apeze zofanana. Zimene sizinalembedwe ndipo sizingabwerezedwe sitizitcha kafukufuku.

3. Ngongole ya maphunziro ndi ndalama zimene wophunzira amalandira kuti alipire sukulu, n'kudzabweza akayamba ntchito.

4. Sikolashipu ndi ndalama zolipirira maphunziro a munthu, zimene sabweza. Kawirikawiri imalipira fizi, chakudya, pogona ndi ulendo.

5. Grant ndi ndalama zoperekedwa kuti ntchito inayake ya kafukufuku ichitike. Ndalamazi sizipita m'thumba la wofufuza. Zimalowa ku akaunti ya yunivesite kapena bungwe limene iye akugwirako ntchito, ndipo ngwee iliyonse imayenera kuonetsedwa kumene yapita.

6. Fellowship ndi thandizo lopita kwa wofufuza mwiniwake kwa nthawi yoikika, kuti akule pa ntchito yake, nthawi zambiri ali pansi pa katswiri wamkulu.

7. Pulopozo ndi chikalata chopemphera grant. Chimafotokoza funso, njira yopezera yankho, nthawi imene ntchito idzatenge ndi phindu lake. Bajeti ndi mndandanda wa zofunika kugula kapena kulipira, chilichonse ndi mtengo wake.

8. Madigiri alipo a misinkhu itatu. Digiri yoyamba imatenga zaka zinayi kapena kuposerapo. Digiri ya masters imatenga chaka chimodzi kapena ziwiri. Digiri ya PhD imatenga zaka zitatu kapena zinayi, ndipo mwini wake amayenera kupeza chinthu chatsopano chimene sichinkadziwika.

Gawo 2: Chifukwa chake kafukufuku amafuna ndalama

Titenge chitsanzo cha chuku. Chuku chimamera pa chimanga ndi mtedza zimene sizinaume bwino kapena zimene zinavutika ndi ng'amba zili m'munda. Mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndiponso amapinimbiritsa ana. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo kuphika sikumuthetsa. Mu Ogasiti 2024, Unduna wa Zaumoyo m'Zambia unalengeza kuti ufa wina wa chimanga wapezeka ndi poizoniyu wochuluka, agalu ambiri atafa. Chaka chomwecho, pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema anali atalengeza kuti chilala chafika pokhala tsoka la dziko lonse.

Tsopano tiyerekeze kuti inu mukufuna kudziwa kuchuluka kwa poizoniyu mu mtedza wa alimi a m'dera lanu. Mufunika galimoto kapena njinga yamoto yokufikitsani m'midzi. Mufunika timatumba tosungiramo mtedza wa mlimi aliyense paokha, makina opera, mankhwala oyezera ndi labotale yokhala ndi magetsi odalirika. Mufunikanso kulipira anthu okuthandizani. Mankhwala ambiri oyezera amagulidwa kunja ndi madola kapena mayuro, choncho kwacha ikagwa mtengo wake umakwera. Apa n'zoonekeratu kuti ngakhale funso laling'ono limafuna ndalama zoposa zimene wophunzira angatulutse yekha.

Mayiko a mu African Union anagwirizana kuti dziko lililonse liziika 1 peresenti ya chuma chake cha pachaka pa kafukufuku. Zambia, monga mayiko ambiri a kuno kwathu, sinafikebe pa mlingo umenewu. N'chifukwa chake mbali yaikulu ya kafukufuku wa zaumoyo ndi zaulimi imadalira thandizo lochokera kunja, ndipo Ulaya ndi limodzi mwa magwero akuluakulu a thandizolo.

Gawo 3: Zimene zili m'boma la Chongwe

Tauni ya Chongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka, pa msewu wa Great East. Derali ndi la Asoli, pansi pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Ambiri amalidziwa ngati dera la alimi, koma lilinso ndi malo angapo a maphunziro ndi kafukufuku amene wophunzira ayenera kuwadziwa asanaganize zokwera ndege.

1. Chalimbana University, imene kale inali koleji yophunzitsa aphunzitsi.

2. Palabana University, imene inakula kuchokera ku sukulu yophunzitsa ulimi wa ng'ombe zamkaka.

3. Kasisi Agricultural Training Centre, imene Ajezuiti anaikhazikitsa mu 1974. Malowa amadziwika ndi kuphunzitsa alimi ang'onoang'ono ulimi wodalira manyowa, kompositi ndi kasinthasintha wa mbewu m'malo mwa feteleza ndi mankhwala ogula.

4. Likulu la kumwera kwa Africa la International Institute of Tropical Agriculture, pa msewu wa Ngwerere. Bungweli, limene likulu lake lalikulu lili ku Ibadan m'dziko la Nigeria, limafufuza za chinangwa, soya, chimanga ndi khobwe. Ndilonso linapanga Aflasafe, njere za mapira zokutidwa ndi chuku cha mtundu wosatulutsa poizoni. Mlimi amamwaza makilogalamu 10 pa hekitala, masabata awiri kapena atatu mbewu zisanachite maluwa, ndipo chuku chabwinocho chimalanda malo a chuku choipa.

5. SADC Plant Genetic Resources Centre, nkhokwe ya mbewu ya mayiko a kumwera kwa Africa, imene ili ku Chalimbana.

Kufupi ndi malo amenewa kulinso National Institute for Scientific and Industrial Research, pa msewu wopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, ndiponso University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966 ndipo ili ndi masukulu a zaulimi, za ziweto ndi za sayansi. Munthu wa ku Chongwe akhoza kufika pa malo onsewa pa minibasi n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Gawo 4: Phunziro la nkhokwe ya ku Chalimbana

Tikhalitse pang'ono pa nkhokweyi, pakuti ikutionetsa bwino mmene ndalama za ku Ulaya zimagwirira ntchito zikagwiritsidwa mwanzeru. Inakhazikitsidwa mu 1989 ndi thandizo la mayiko asanu a kumpoto kwa Ulaya, omwe ndi Denmark, Finland, Iceland, Norway ndi Sweden. Cholinga chake ndi kusunga mbewu zamakolo, monga mapira, mawere, nzama, khobwe, maungu ndi chimanga cha makolo, kuti zisatheretu pamene alimi akutembenukira ku mbewu zogula m'sitolo.

Ntchito yake imayenda motere. Akatswiri amapita kwa mlimi n'kupempha njere pang'ono. Amalemba dzina limene mlimiyo amatchulira mbewuyo, malo amene yatengedwa ndi zimene mlimi akudziwa za iyo, monga ngati imacha msanga kapena imapirira dzuwa. Akafika nazo ku nkhokwe, njerezo amazipeta, n'kuziumitsa pang'onopang'ono m'chipinda chouma mpaka chinyezi chitatsala chochepa kwambiri. Kenaka amatengako zowerengeka n'kuziika pa pepala lonyowa kuti aone zingati zimera. Zikamera bwino, zotsalazo amazitsekera m'timatumba ta aluminiyamu tosalowa mpweya, n'kulembapo nambala, n'kuziika mu firiji yozizira madigiri 18 pansi pa ziro. Pakapita zaka amaziyesanso, ndipo akaona kuti mphamvu yomera yayamba kuchepa amazibzala kuti apeze njere zatsopano.

Dziko lililonse la m'chigawochi lili ndi nkhokwe yakeyake. Ya Zambia ili ku Mount Makulu ku Chilanga, ya Malawi ili ku Chitedze kufupi ndi Lilongwe. Nkhokwe za mayikozi zimatumiza gawo la njere zawo ku Chalimbana, kuti moto kapena kuzima kwa magetsi kukawononga za kwawo, mbewuyo isatayike. Nakonso ku Chalimbana amatumiza gawo lina ku Svalbard m'dziko la Norway, kumene mu 2008 kunatsegulidwa nkhokwe yokumbidwa m'phiri lozizira, yosungira njere za dziko lonse lapansi.

Chofunika kwambiri pa nkhaniyi ndi mgwirizano wa ndalama. Unakonzedwa kuti ukhale wa zaka 20. Poyamba mayiko a ku Ulaya ndiwo ankalipira, ndipo ankaphunzitsanso achinyamata a kuno ntchitoyi. M'kupita kwa nthawi gawo lawo linkachepa, la mayiko a SADC likukwera, mpaka nkhokweyo inatsala m'manja mwa eni ake. Pamenepa tikuphunzirapo zinthu zitatu. Choyamba, vuto linali lathu ndipo mbewu zinali zathu. Chachiwiri, thandizo linamanga anthu pamodzi ndi nyumba. Chachitatu, tsiku lothera thandizo linadziwika kuyambira pachiyambi. Inunso mukamapempha ndalama, muziyesa pempho lanu ndi zinthu zitatu zimenezi.

Gawo 5: Magwero a ndalama m'dziko muno

1. National Science and Technology Council inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1997 la sayansi ndi luso. Imayang'anira matumba awiri. Strategic Research Fund ndi thumba la ofufuza a m'mayunivesite ndi m'mabungwe, ndipo limalipira ntchito zogwirizana ndi zosowa za dziko. Science and Technology Innovation Youth Fund ndi thumba la achinyamata amene ali ndi luso latsopano lofuna kuliyesa.

2. Higher Education Loans and Scholarships Board inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016. Imapereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite a boma, ndiponso imalengeza masikolashipu amene mayiko ena amapereka kudzera m'boma la Zambia.

3. Mabungwe ofufuza, monga Zambia Agriculture Research Institute, bungwe la ku Ndola limene linkatchedwa Tropical Diseases Research Centre, CIDRZ ndi ZAMBART, amalemba achinyamata ntchito yothandizira pa kafukufuku. Ofufuza ambiri anayambira pamenepa, akutolera zoyeza m'midzi kapena kulowetsa manambala mu kompyuta.

Musapeputse magwero a kwanu chifukwa ndalama zake n'zochepa. Opereka ndalama a kunja amafuna kuona kuti munasamalapo kale kangachepe. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Gawo 6: Magwero a ku Ulaya

Tiwagawe malinga ndi msinkhu wa wopempha, kuti aliyense adziwe khomo lomuyenera.

1. Kwa amene ali ndi digiri yoyamba ndipo akufuna masters. Ku Britain kuli Chevening, imene inayamba mu 1983. Imalipira masters ya chaka chimodzi, imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo wolandira amalonjeza kubwerera kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri. Kulinso Commonwealth Scholarship, ya masters ndi PhD yomwe. Beit Trust, imene inachokera pa chuma chimene Alfred Beit anasiya atamwalira mu 1906, imathandiza anthu a mayiko atatu okha, Zambia, Zimbabwe ndi Malawi, choncho opikisana nawo amakhala ochepa poyerekeza ndi masikolashipu a dziko lonse. Erasmus Mundus ndi sikolashipu ya European Union, ndipo wophunzira amaphunzira m'mayiko osachepera awiri.

2. Kwa ofuna kuphunzira ku Germany. Bungwe la DAAD, limene linayamba mu 1925 ndipo likulu lake lili ku Bonn, limapereka masikolashipu a masters ndi PhD. Maphunziro ambiri a zaulimi, zankhalango ndi zaumoyo kumeneko amaphunzitsidwa m'Chingerezi. DAAD ilinso ndi ndondomeko yolipirira munthu kuti aphunzire pa yunivesite ya mu Africa momwe muno, zimene zimathandiza amene sangathe kusiya banja kutali.

3. Kwa ofuna PhD kapena amene angoimaliza. Marie Skłodowska-Curie Actions ndi ndondomeko ya European Union imene imalemba ofufuza achinyamata a dziko lililonse n'kumawalipira ngati antchito. Georg Forster Research Fellowship ya Alexander von Humboldt Foundation ku Germany ndi ya ofufuza a PhD ochokera m'mayiko amene akutukuka. Ku Trieste m'dziko la Italy kuli TWAS, imene Abdus Salam anaiyambitsa mu 1983. Imapereka fellowship ndi ndalama zogulira zipangizo za labotale. Komweko kulinso OWSD, bungwe lothandiza amayi ndi atsikana a sayansi. Ana aakazi a ku Chongwe alidziwe bwino khomo limeneli.

4. Kwa magulu a ofufuza. Horizon Europe ndi thumba lalikulu la European Union, la zaka za 2021 mpaka 2027, limene poyamba linapatsidwa mayuro 95.5 biliyoni. Pa ntchito zambiri munthu sapempha yekha. Pamafunika gulu la mabungwe osachepera atatu a m'mayiko atatu a ku Ulaya kapena ogwirizana ndi thumbali, ndipo yunivesite ya ku Zambia ikhoza kulowa m'gululo n'kulandira gawo lake. EDCTP, imene inayamba mu 2003, ndi mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya ndi a mu Africa woyesa mankhwala ndi akatemera a Edzi, chifuwa chachikulu, malungo ndi matenda ena opatsirana. Wellcome Trust ya ku London, imene inayamba mu 1936, nayonso imalipira kafukufuku wa zaumoyo mu Africa.

Malamulo ndi masiku a mabungwe onsewa amasintha chaka ndi chaka. Choncho muziwerenga chilengezo cha chaka chimenecho pa tsamba la intaneti la bungwe lenilenilo, osadalira zongomva.

Gawo 7: Zoyenera kuchita, chimodzi pambuyo pa chinzake

1. Yalani maziko kusukulu. Khozani bwino sayansi, masamu ndi Chingerezi pa mayeso a Giredi 12. Ku yunivesite, ikani mtima pa pulojekiti ya chaka chomaliza, pakuti ndiyo kafukufuku wanu woyamba, ndipo opereka sikolashipu amafunsa za iyo.

2. Pezani funso lochokera kwanu. Mafunso ali ponseponse m'dera lino. Mbozi zachilendo zoononga chimanga zinalowa m'Zambia chakumapeto kwa 2016 ndipo zikuvutitsabe alimi. Nkhupakupa zimapatsa ng'ombe matenda. Chitopa chimatha nkhuku. Mtsinje wa Chongwe umaphwa m'chilimwe, ndipo zamoyo za m'madzi zimavutika pamodzi ndi anthu. Funsani alimi, alangizi ndi anamwino kuti akuuzeni chimene chikuwasowetsa tulo.

3. Chepetsani funsolo kuti likhale loyankhika. Kunena kuti mukufuna kuthetsa chuku m'Zambia ndi khumbo chabe. Funso labwino lingakhale lotere: kodi mtedza woumitsidwa pathandala uli ndi aflatoxin wochepa kusiyana ndi woumitsidwa pansi, pakati pa alimi a m'midzi itatu, m'nyengo imodzi yokolola? Funso lotere lili ndi malo, nthawi ndi chinthu choyeza.

4. Werengani zimene ena analemba kale. Pulopozo yobwereza ntchito yakale mosadziwa imakanidwa msanga. Onetsani pamene anzanu analekezera ndi pamene inu mukuyambira.

5. Pezani woyang'anira. Ameneyu ndi katswiri amene adzakutsogolereni ndi kukuchitirani umboni. Mulembereni kalata yaifupi ndi yaulemu, yonena kuti ndinu yani, mwawerenga ntchito yake iti, ndipo funso lanu likugwirizana nayo bwanji. Mutu umodzi susenza denga, ndipo m'sayansi mulibe amene amakwera yekha.

6. Konzekeretsani zikalata nthawi ikadalipo. Mufunika pasipoti, satifiketi ya digiri, chikalata cha magiredi anu onse, mbiri ya maphunziro ndi ntchito zanu, ndi makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi kapena akuluakulu a kuntchito. Mayunivesite ena amafunanso mayeso a Chingerezi monga IELTS. Apatseni nthawi yokwanira olemba makalata a umboni, musawadzidzimutse kutatsala tsiku limodzi.

7. Lembani pulopozo motsatira mitu imene opereka ndalama aika. Nthawi zambiri mitu yake imakhala iyi: vuto, zimene zikudziwika kale, cholinga, njira, ndondomeko ya nthawi, bajeti ndi phindu. Akanena kuti masamba asapitirire asanu, musapitirize ngakhale mzere umodzi. Lembani momveka, pakuti ena mwa owerenga si akatswiri a gawo lanu.

8. Konzani bajeti yoona. Funsani mitengo yeniyeni kwa ogulitsa. Ikanimo mayendedwe, mankhwala oyezera, malipiro a okuthandizani, chilolezo ndi ndalama zobwererera kumudzi kukafotokoza zotsatira. Bajeti yofufuma imachotsa chikhulupiriro, ndipo yochepetsetsa imasiya ntchito panjira.

9. Pezani chilolezo. Kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, monga ya ku University of Zambia, ndiponso ndi National Health Research Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2013. Munthu aliyense wolowa m'kafukufuku afotokozeredwe m'chiyankhulo chake ndipo avomere mwa kufuna kwake. Musalowe m'mudzi musanaonekere kwa mfumu. Magazi, njere kapena dothi sizitumizidwa kunja popanda chilolezo ndi pangano lolembedwa. Pangano la mayiko la Nagoya la 2010 limanena kuti phindu lochokera ku zamoyo za dziko ligawidwe mwachilungamo ndi eni ake.

10. Tumizani nthawi isanathe. Mapempho ambiri amatumizidwa pa intaneti, ndipo nthawi ikakwana khomo limatsekeka lokha. Poti magetsi ndi netiweki zimavuta, tumizani kutatsala masiku angapo.

11. Chenjerani ndi akathyali. Chevening, Commonwealth ndi DAAD salipiritsa munthu kuti apemphe sikolashipu. Wina akakuuzani pa WhatsApp kapena pa Facebook kuti mutumize ndalama kuti akusungireni malo, dziwani kuti ndi wakuba.

12. Mukakanidwa, yesaninso. Opempha amakhala ambiri kuposa malo, ndipo ngakhale akatswiri otchuka amakanidwa. Ngati owunika alemba ndemanga, ziwerengeni modekha, konzani pofooka, n'kutumizanso chaka chotsatira kapena ku bungwe lina.

Gawo 8: Udindo wa wolandira thandizo

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wolandira grant amalandiranso udindo. Amayenera kusunga risiti iliyonse, kulemba malipoti pa nthawi yake ndi kugwiritsa ntchito ndalama pa zokhazo zimene zili mu bajeti. Akafuna kusintha, amapempha chilolezo polemba. Munthu mmodzi akasakaza ndalama, amatsekera khomo anzake onse a pa bungwe lake.

Udindo wachiwiri ndi kunena zoona. Zotsatira zikatuluka mosiyana ndi zimene munkayembekezera, lembani momwemo. Kupeka manambala kapena kukopera ntchito ya wina ndi mlandu waukulu, ndipo pa zaumoyo kukhoza kuphetsa anthu.

Udindo wachitatu ndi kuteteza gawo lanu pogwira ntchito ndi anzanu a kunja. Musanayambe, gwirizanani polemba za amene adzasunge zotsatira, amene maina awo adzalembedwe pa lipoti, ndi kumene zipangizo zidzatsale ntchito ikatha. Wofufuza wa kuno asakhale wongotolera zoyeza kuti ena akatchukire nazo. Akhale nawo popanga funso, poyeza ndi polemba.

Udindo wachinayi ndi kubweza kwa eni ake. Mlimi amene anakupatsani mtedza wake ali ndi ufulu womva zimene mwapeza. Bwererani kumudziko, itanitsani msonkhano kudzera mwa mfumu ndi mlangizi, ndipo fotokozani m'Chisoli kapena m'Chinyanja zimene iwo angachite. Ngati munapita ku Ulaya kukaphunzira, bwererani ndi nzeruzo, muphunzitse achinyamata ena, ndipo maubale amene munapanga kumeneko muwasandutse mapulojekiti a kuno.

Mawu omaliza

Taona kuti thandizo lilipo la mitundu inayi, kuti boma la Chongwe lili ndi malo ophunzirira kafukufuku, ndiponso kuti makomo a ku Ulaya amatsegukira munthu wokonzeka amene ali ndi funso lomveka lochokera kwawo. Taonanso kuti thandizo la kunja limakhala ndi polekezera. N'chifukwa chake boma, makampani ndi aphungu athu ayenera kuwonjezera ndalama za kafukufuku, kuti mafunso a dziko lino asamadikire chifundo cha ena.

Kwa inu wophunzira, ntchito ya sabata ino ndi iyi. Lembani funso limodzi la m'dera lanu m'chiganizo chimodzi. Sankhani bungwe limodzi mwa amene tatchulawa logwirizana ndi msinkhu wanu, muwerenge malamulo ake, ndipo mulembe tsiku lotsekera. Kenaka pitani ndi funsolo kwa mphunzitsi wanu wa sayansi kapena kwa mlangizi wa zaulimi, mumupemphe kuti alikonze. Yambani lero, musadikire chilengezo kuti chikupezeni musanakonzeke.